Utsi wakuda ndi injini yophonya m'mawa: kufufuza kuyambire pati?

Wowerenga wina watilembera motere: "Ndili ndi galimoto ya petulo ya masilinda anayi, yopangidwa mu 1994, ndipo ndi ya ma injector, osati ya kabuleta. Kwa miyezi ingapo tsopano, ndikailiza m'mawa imanjenjemera ngati silinda imodzi sikugwira, imatulutsa utsi wakuda, ndipo kumbuyo kumamveka fungo la petulo wosapsa. Ikatentha kunjenjemerako kumachepa, koma mafuta ikumwa kwambiri kuposa kale. Ndinasintha mapulagi ndipo inayenda bwino kwa masabata awiri okha, kenako mapulagi atsopanowo anada bii. Makaniko wina akuti ndigule sensa ya okosijeni, wina akuti injini yatha. Ndimvere uti?"

Zikomo bambo chifukwa chofotokoza vutoli mwatsatanetsatane, ndipo mtima ukhale m'malo, chifukwa pa zimene mwanenazi palibe chimene chikutsimikiza kuti injini yatha. Injini imene mapisitoni ndi maring'i ake aperepeseka nthawi zambiri imatulutsa utsi wabuluu, imadya oyilo ndiponso imakhala yopanda mphamvu tsiku lonse, pamene utsi wakuda umasonyeza kuti m'masilinda mukulowa petulo wochuluka kuposa amene mpweya umene ulimo ungathe kuotcha. Vuto lotere kawirikawiri limachokera pa kachipangizo kamodzi kakang'ono kapena pa waya wodyeka, ndipo limatheka popanda kutsegula injini. Komabe pakadali pano sindingakulangizeni kuti mumvere aliyense mwa amakaniko awiriwo, popeza onse atchula mankhwala asanayeze kanthu.

Injini ya petulo imaotcha bwino mafuta pamene magalamu 14.7 a mpweya asakanizidwa ndi galamu imodzi ya petulo. Chimene chimapsa si petulo wamadzimadzi koma nthunzi yake, ndipo injini ikazizira usiku wonse, petulo wambiri amene wapoperedwa amamatirira m'makoma a njira za mpweya ndi a silinda, monga mmene mpweya wa m'kamwa umasandukira timadontho pa galasi lozizira. Pachifukwa chimenechi galimoto iliyonse inapangidwa kuti iziwonjezera petulo mwadala ikamalizidwa itazizira, kenako n'kumachepetsa pang'onopang'ono pamene ikutentha. Choncho kafungo pang'ono ka petulo m'mphindi yoyamba si matenda. Matenda amayamba pamene kuwonjezerako kwapitirira muyezo, kapena pamene sikukusiya ngakhale injini itatentha, ndipo kumwa mafuta kumene mwatchulako kukundichititsa kuganiza kuti galimoto yanu ikuwonjezera petulo ngakhale masana, kungoti injini yotentha imapirira vutolo ndipo inu simulimva.

Mapulagi amene anada pa masabata awiri aja ndiwo umboni wabwino kwambiri umene muli nawo. Nsonga ya pulagi imayenera kufika pa madigiri a Celsius pafupifupi 450 mpaka 500 kuti iotche yokha mwaye umene ukuikuta. Petulo akachuluka, mwaye umaunjikana msanga kuposa mmene pulagi ingauotchere, ndipo popeza mwaye umadutsa magetsi, moto umatsetsereka m'mbali mwa pulagi m'malo modumpha pa mpata wake. Umo ndi mmene kuphonya, kutanthauza kulephera kwa silinda kuotcha petulo wake, kumabwerera, makamaka m'mawa pamene mwayewo wanyowa ndi petulo. Mapulagi atsopano anangobisa vutolo kwa kanthawi. Muwamasule injini itazizira, muwandandalike motsatira masilinda awo osawasokoneza, ndipo muwayang'ane pamalo owala. Ngati onse anayi ali ndi mwaye wouma wofanana, umene ukuchoka mukaupukuta ndi chala, cholakwika ndi chinthu chimene chimalamulira masilinda onse pamodzi, monga sensa kapena mphamvu imene petulo akukankhidwira. Ngati pulagi imodzi ndiyo yada kwambiri kapena yanyowa pamene zinazo n'zofiirira bwino, muyang'ane za silinda imeneyo yokha, kutanthauza waya wake, injector yake (kachipangizo kopopera petulo) ndi kompulesheni yake (mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya). Zakuda zonyezimira ndi zomata ndi oyilo, osati petulo, ndipo pulagi imene yayera mbee pakati pa zinzake zakuda imachititsa kukayikira kuti madzi a mu ledieta akulowa mu silinda imeneyo.

Tsopano za sensa ya okosijeni, imene makaniko woyamba watchula. Sensa imeneyi siyamba kugwira ntchito isanatenthe kufika pa madigiri pafupifupi 300, ndipo kompyuta ya galimoto siimvera n'komwe sensayi m'nthawi yoyamba injini ikangolira, koma imatsatira miyezo imene inaikidwamo ku fakitale. Izi zikutanthauza kuti sensa ya okosijeni payokha singaphonyetse injini pa masekondi oyamba a m'mawa. Ingathe kuchita zimenezi mozungulira, mwa kuchulukitsa petulo masana mpaka mapulagi kuda, koma apa pali msampha umene wawonongetsa ndalama za anthu ambiri. Sensayi siyeza petulo, imayeza okosijeni wotsala mu utsi. Silinda ikaphonya, mpweya wake wonse umatuluka wosapsa, sensa imaona okosijeni wambiri n'kuuza kompyuta kuti petulo wachepa, ndipo kompyuta imawonjezera petulo ku masilinda onse. Zomwezo zimachitika ngati ekizozi yabooka kapena gasiketi yake ikudontha patsogolo pa sensa, chifukwa mpweya wakunja umayamwidwa kulowa pamenepo. Sensa imakhala ikunena zoona pa zimene ikuona, ndipo yatsopano idzanenanso chimodzimodzi. Sensa yabwino ya mtundu wa m'zaka zimenezo, injini ikatentha, imasinthasintha mofulumira pakati pa 0.1 ndi 0.9 volt, ndipo kuyeza zimenezi ndi ntchito ya mphindi zochepa chabe.

N'chifukwa chake funso lenileni pa galimoto yanu ndi lakuti chinayamba n'chiyani, kuchuluka kwa petulo kapena kuphonya, popeza chilichonse mwa ziwirizi chimabala chinzake. Ine ndimayamba ndi moto, chifukwa ndi wosavuta kuuyeza ndiponso m'mawa ndi nthawi imene umayesedwa kwambiri. Galimoto ya 1994 nthawi zambiri imakhala ndi distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi, ndi mawaya a mapulagi. Mutsegule chivundikiro cha distributor ndipo muyang'ane mkati ngati muli chinyezi, mng'alu, kapena timizere takuda tooneka ngati tolembedwa ndi pensulo, tomwe ndi njira zimene moto wakhala ukudutsa mobera. Muonenso nsonga ya rotor, kamkono kozungulira ka mkati mwa distributor, ngati yapsa. Mawaya okalamba amaonekera bwino mumdima: mukaliza injini usiku n'kutsegula boneti, timoto tabuluu timaoneka tikudumpha kuchoka pa waya kupita pa chitsulo, koma manja ndi zovala zikhale kutali ndi fani ndi malamba. Mawaya otere amaphonyetsa injini kukakhala mame kapena mvula, n'kuchira okha chinyezi chikauma, ndipo izi zimafanana kwambiri ndi zimene mwafotokoza. Batire nalonso lisaiwalidwe. Lodzadza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6 volt, ndipo likatsika n'kufika pansi pa 10 volt pamene sitata ikuzungulira, koyilo, imene imapanga moto wa mapulagi, imapereka moto wofooka pa nthawi imene masilinda adzaza ndi petulo.

Moto ukapezeka kuti uli bwino, chinthu chimene ndimachikayikira koyamba pa galimoto za msinkhu umenewu ndi sensa yoyeza kutentha kwa madzi a mu injini. Kachipangizo kameneka ndiko kamauza kompyuta kuchuluka kwa petulo wowonjezera amene akufunika, ndipo kakanama kuti injini yazizira kwambiri, kompyuta imathira petulo woyenera nyengo ya chisanu choopsa, m'mawa ndi masana omwe. Anthu ambiri amanyengedwa ndi muvi wa kutentha wa pa dashibodi, n'kumati popeza ukuonetsa bwino ndiye kuti sensa ili bwino. Magalimoto ambiri akale ali ndi masensa awiri osiyana: ya waya umodzi imayendetsa muvi uja, pamene ya mawaya awiri ndiyo imalankhula ndi kompyuta, ndipo imodzi ingafe inzake ili moyo.

Kuiyeza kumafuna multimeter basi, kachipangizo koyezera magetsi. Sensa imeneyi imatsekereza magetsi kwambiri ikazizira, ndipo kutsekerezako kumachepa ikamatentha. Pa mitundu yofala, monga ya Bosch, mupeza ma ohm, omwe ndi muyezo wa kutsekerezako, pakati pa 2,000 ndi 3,000 pa madigiri 20, ndi ma ohm pafupifupi 300 pa madigiri 80, ngakhale kuti manambala enieni a galimoto yanu ali m'buku lake lokonzera. Muyeze kawiri, koyamba m'mawa injini isanalizidwe, kachiwiri itatentha bwinobwino, chifukwa sensa ina imanena zoona ikazizira n'kusochera ikatentha. Musaime pa sensa pokha. Muzule soketi yake n'kuyang'ana mkati, ndipo mukapezamo dzimbiri lobiriwira kapena timano tolekera, dziwani kuti zimenezo zimawonjezera kutsekereza kwa magetsi, ndipo kwa kompyuta kutsekereza kochuluka kumatanthauza kuzizira. Nthawi zambiri ndaonapo sensa yatsopano itamangidwa pa soketi yovunda, vuto n'kukhala lomwelo, mwini galimoto n'kuyamba kunena kuti kompyuta yafa. Muyezo wodalirika kwambiri ndi umene watengedwa pa mawaya ofika ku kompyuta, chifukwa umenewo ndiwo kompyutayo imauona.

Pafupi ndi nkhani imeneyi pali ya thermostat, valuvu imene imatsekera madzi kuti asapite ku ledieta injini isanatenthe. Ma thermostat ambiri amatseguka madzi akafika pakati pa madigiri 80 ndi 90, ndipo thermostat ikakanirira yotseguka, kapena ngati wina anaichotsa poganiza kuti akuteteza injini kuti isamawire, injini imachedwa kutentha ndipo pa msewu wautali imazizira kwambiri. Pamenepo sensa imakhala ikunena zoona, koma zotsatira zake ndi zomwezo. Mungadziwe mosavuta: mukaliza injini yozizira, paipi yam'mwamba yopita ku ledieta iyenera kukhala yozizira kwa mphindi zingapo kenako n'kutentha mwadzidzidzi, ndipo ngati ikufunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, thermostat yatseguka kapena mulibemo.

Kenako pamabwera mbali ya petulo weniweniyo. Kompyuta simayeza petulo amene walowa, imangowerenga nthawi imene injector yakhala yotseguka, poganiza kuti mphamvu yokankha petulo ili pa muyezo wake, womwe pa magalimoto ambiri otere ndi 2.5 mpaka 3 bar. Chimene chimasunga muyezowu ndi regulator, imene imakhala kumapeto kwa paipi ya ma injector ndipo ili ndi kapaipi kakang'ono ka labala kochokera ku manifold, njira imene mpweya umalowera m'masilinda. Muzule kapaipi kameneka injini itangozimitsidwa n'kukanunkhiza. Mkati mwake muyenera kukhala mouma, ndipo mukapezamo ngakhale dontho la petulo, ndiye kuti kachikopa ka mkati mwa regulator kang'ambika ndipo injini ikuyamwa petulo amene kompyuta sikumudziwa. Kuyeza kumeneku sikufuna chida chilichonse, koma n'kodabwitsa mmene kumadumphidwira. Paipi yobweza petulo ku thanki ikapindika kapena kutsekeka, mphamvu imakwera ndipo ma injector onse amathira mopitirira.

Injector yodontha ndi imene imafanana kwambiri ndi mawu anu akuti silinda imodzi imakhala ngati sikugwira. Galimoto ikazimitsidwa, petulo amakhalabe wopanikizika m'mapaipi, ndipo injector imene sikutseka bwino imadonthezera mu silinda yake mpaka mphamvuyo itatha. M'mawa silinda imeneyo imakhala itamira, imaphonya kwa theka la mphindi kapena kupitirira, utsi wakuda n'kutuluka, kenako n'kuyamba kugwira. Makaniko amatsimikiza izi pomanga geji pa paipi ya petulo n'kuona ngati mphamvu ikugwa msanga injini itazimitsidwa, kenako n'kutseka mapaipi mmodzimmodzi kuti adziwe ngati petulo akubwerera ku thanki kapena akutulukira ku ma injector. Magalimoto ena a m'zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 alinso ndi injector yapadera yothandiza poliza injini yozizira, imene imayenera kupopera kwa masekondi ochepa okha, ndipo nayonso ikadontha kapena switch yake ikakanirira imamiza masilinda onse. Ngati tsiku lina injini itamira mpaka kukana kulira, pa magalimoto ambiri a ma injector kuponda akiseleta mpaka pansi pamene mukuzungulitsa sitata kumachititsa kompyuta kudula petulo kuti masilinda aume, koma phazi lichoke injini ikangogwira.

Ku mbali ya mpweya ndidutsako mofulumira. Fyuluta ya mpweya muione ndithu, koma pa galimoto ya ma injector kutsekeka kwake kumachepetsa mphamvu kuposa kuchulukitsa petulo. Chofunika kwambiri ndi kudziwa mmene galimoto yanu imayezera mpweya. Ngati ili ndi sensa ya MAP, imene imayeza kupanikizika kwa mpweya mu manifold, kapaipi kake kakang'ambika kompyuta imaganiza kuti mwaponda akiseleta ndipo imathira petulo wochuluka. Ngati ili ndi chipangizo choyezera mpweya chomangidwa pafupi ndi fyuluta, kuda kapena kuperepeseka kwake kungasokoneze muyezo mbali iliyonse. Valuvu imene imalowetsa nthunzi ya petulo ya mu thanki kupita ku injini nayonso ikakanirira yotseguka imawonjezera petulo pa nthawi yosayenera.

Kwa owerenga ena amene galimoto zawo ndi za kabuleta, maganizo ake ndi omwewa koma zipangizo n'zosiyana. Ntchito ya sensa ya madzi imagwiridwa ndi choke, kachitseko ka pakamwa pa kabuleta, imene iyenera kutseka injini ikazizira, kutseguka pang'ono injini ikangolira, ndi kuimirira yotseguka kotheratu ikatentha, ndipo zonsezi zimaoneka ndi maso mukachotsa chivundikiro cha fyuluta. Float (kachipangizo koyandama kosunga mulingo wa petulo mu kabuleta) yobooka kapena kasingano kake kosatseka bwino kamasefukiritsa petulo, ndipo kupotokola masikuluwu a kabuleta musanaone zimenezi kumangowonjezera vuto lachiwiri pa loyamba.

Makaniko wachiwiri uja asangotsutsidwa popanda umboni, ndipo umboni wake ndi kuyeza kompulesheni. Chimene chimayang'anidwa kwambiri ndi kufanana kwa masilinda, ndipo sayenera kusiyana mopitirira 10 kapena 15 peresenti. Silinda ya kompulesheni yochepa imaphonya ikazizira n'kuyamba kugwira zitsulo zikafufuma ndi kutentha. Koma muyezowu uwerengedwe mosamala pa injini imene yakhala ikumira, chifukwa petulo wochuluka amatsuka oyilo wa m'makoma a silinda ndipo kompulesheni imatsika ngakhale maring'i ali bwino. Kuthira oyilo pang'ono mu silinda n'kuyezanso kumathandiza kusiyanitsa vuto la maring'i ndi la mavaluvu, ndipo mavaluvu amene amangidwa mothina kwambiri amangofunika kuwasintha mpata. Chimene chingandidetse nkhawa ndi madzi a mu ledieta amene akuchepa popanda pamene akudontha, pamodzi ndi utsi woyera wosatha wa fungo lotsekemera, popeza zimenezo zimaloza ku gasiketi ya hedi imene ikulowetsa madzi mu silinda usiku. Inu simunatchule zimenezi, koma muone mulingo wa madziwo kwa masiku angapo, injini itazizira.

Kompyuta ya galimoto yanu ikhoza kukhala itasunga kale chizindikiro cha vutoli. Dongosolo la OBD-II, limene makina owerengera manambala a zolakwika za galimoto amasiku ano amagwiritsa ntchito, linakhala lamulo ku United States kuyambira mu 1996, ndipo pa magalimoto amene ali nalo P0172 imasonyeza kuchuluka kwa petulo, P0300 kuphonya kosasankha silinda, pamene P0301 mpaka P0304 imatchula silinda yeniyeni. Galimoto ya 1994 mwina ilibe soketi imeneyo, koma zambiri za nthawi imeneyo zimatulutsa manambala awo mwa kuphethira kwa nyale ya injini pa dashibodi, mukalumikiza timano tiwiri ta pa soketi yoyezera monga mmene buku lake likunenera. Musalumikize mongoyerekeza. Dziwaninso kuti kompyuta zakale zimazindikira waya woduka kapena wogundana, koma sensa imene ikungonama pang'ono siziigwira, choncho kusapezeka kwa nambala sikutanthauza kuti masensa ali bwino.

Musachedwe nalo vutoli, ngakhale galimoto ikuyenda. Petulo wosapsa amatsikira mu oyilo n'kumusungunula, ndipo mukasolola chitsulo choyezera oyilo n'kupeza kuti mulingo wakwera kapena oyiloyo akununkha petulo, ma bearing ali pangozi ndipo injini ingathedi monga mmene makaniko uja ananenera. Ngati galimoto ili ndi catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi cha mu ekizozi, petulo wosapsa amakapsera mmenemo mpaka mkati mwake kusungunuka ndi kutseka njira ya utsi. Utsi wa injini yotere umakhalanso ndi mpweya wa carbon monoxide wochuluka, umene ulibe fungo koma umapha, choncho musaisiye ikulira m'chipinda chotseka pofuna kuitenthetsa.

Kuyang'ana mapulagi, distributor, kapaipi ka regulator, soketi ndi ma ohm a sensa ya madzi mungathe kuchita nokha. Chilichonse chofuna kumasula mapaipi a petulo kapena kuzula ma injector chisiyireni makaniko amene ali ndi geji, chifukwa petulo wa mmenemo amakhala wopanikizika ndipo amathovoka ngakhale injini itazima. Mupitenso msanga, osadikira, ngati injini ikuphonya ngakhale itatentha, ngati oyilo akununkha petulo, ngati madzi akuchepa, kapena ngati pansi pa galimoto pakuoneka podontha petulo. Mukapita, galimoto igone komweko kuti makaniko ailize yekha m'mawa itazizira, popeza vuto la injini yozizira silioneka pa galimoto imene yangofika kumene kuchokera pa msewu, ndipo mumupemphe kuti akuuzeni manambala amene wapeza pa mphamvu ya petulo, pa sensa ya madzi ndi pa kompulesheni musanavomere kugula chipangizo chilichonse. Cholakwikacho chikakonzedwa, musinthe oyilo ndi fyuluta yake, muike mapulagi oyera a nambala yoyenera injini yanu, kenako muyendetse galimoto ulendo wotalikirapo kuti itenthe mokwanira, ndipo pakatha masabata awiri mumasulenso mapulagiwo kuti muone mtundu wake.